Kamera Pashelefu ya Azakhali

1. Malangizo a Madamu Dikirani

Kuyunivesite kunali kosi ina ya dzina lalitali loluma lilime, moti ophunzira ankangoitchula kuti kosi ya kamera. M'kosi imeneyi munthu ankaphunzira za moyo wa anthu ena, mmene amagwirira ntchito ndi mmene amakhalira. Koma m'malo molemba zonsezo papepala, ankazijambula n'kupanga filimu.

Mnyamata wina wa chaka choyamba, amene anzake ankamutchula kuti Liwiro, analowa kosiyi ndi mtima wake wonse. Dzinali silinachokere ku mpira ayi. Liwiro ankayankha funso lisanathe, ankatsika basi isanaime, ndipo m'mawa uliwonse ankapsa lilime ndi tiyi.

Akatsinzina ankadziona ali m'holo yodzaza, magetsi atazima, dzina lake likukwera pang'onopang'ono pakhoma loyera, anthu akupukuta misozi. Ndipo pampando wakutsogolo ankaonapo munthu mmodzi yekha: mtsikana wa m'kalasi mwake, wa ndolo zazitali, amene ankaseka atatseka maso. Liwiro anamupatsa dzina lakuti Nthanda, kalasi yonse n'kulitola.

Mphunzitsi wa kosiyi anali mayi wa imvi, woyenda pang'onopang'ono ngati wasenza madzi. Ophunzira ankamutchula Madamu Dikirani, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo.

Tsiku lopereka ntchito yaikulu ya chaka, Madamu anakhala pamphepete pa tebulo n'kuvula magalasi.

"Aliyense apeze munthu wogwira ntchito ya manja, apange filimu yaifupi ya moyo wake," anatero. "Filimu imeneyi ndiyo mayeso anu onse. Wolephera sadzaona chaka chachiwiri. Tsono mvetserani, chifukwa chaka chilichonse ndimanena zomwezi, ndipo chaka chilichonse wina amalira mu ofesi mwanga.

"Kamera simuitenga lero. Dikirani. Pitani kaye mukakhale ndi munthuyo manja ali m'thumba. Mukasese naye, mukatope naye. Mudziwe amene amalowa pakhomo pake, uyu ndi ndani wa uyu, uyu amabwera kudzatani. Mukatenga kamera musanadziwe anthu, mudzajambula chinthu chimene simukuchidziwa, ndipo chidzakulumani.

"Musamakasake misozi. Munthu akamameta tsitsi, kumetako ndiyo nkhani. Mupemphe chilolezo tsiku lililonse, osati kamodzi kokha. Akakuuzani kuti zimitsani, muzimitse, ngakhale kutsogolo kwanu kukugwa mwezi. Ndipo filimu ikatha, woyamba kuionera si ine, si bwenzi lanu. Ndi mwini nkhope. Aione yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera. Akati chotsa apa, muchotse. Inu mukakhoza mayeso mudzapita kwanu, koma iye adzatsala pomwepo ndi anthu omwewo."

Liwiro anamva theka lokha. Theka linalo ankayang'ana ndolo za Nthanda zikugwedezeka polemba.

Potuluka, Nthanda anamugwira malaya.

"Iwe Liwiro, paja unati azakhali ako amasoka madiresi aukwati? Achimwene anga akukwatira. Alamu anga akusowa telala wodalirika."

"Azakhali anga? Aaa, amenewo singano imawamvera ngati mwana wawo!"

Anamulongosolera njira mofulumira, maganizo onse ali pa dzanja la Nthanda logwira malaya ake. Pofika pachipata anali ataiwala zimene anafunsidwa. Chimene anakumbukira ndi dzanja lokha.

2. Chinsalu chotchinga

Liwiro ankakhala kwa azakhali ake, mlongo wa bambo ake, kuyambira pamene anabwera kudzayamba yunivesite. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa shopu yawo yosokera, momwe kale munkasungidwa nsalu.

Shopuyo inali yopapatiza. Pafupi ndi zenera panali makina osokera, pakati tebulo lodulirapo, kukhoma shelefu yodzaza mipukutu ya nsalu zoyera. Pakona panali galasi lalitali, ndipo pambali pake chinsalu chobiriwira chotchinga, kumene akwatibwi ankavalira.

Atawauza za filimu, azakhali anaseka mpaka mapini anagwa pakamwa.

"Ine pa kanema? Ndi mutu wangawu? Chabwino, mwana wa achimwene, jambula. Koma khala pansi kaye."

Liwiro anakhala pa mpukutu wa nsalu.

"Choka pamenepo, ndi ya anthu iyo! Khala apa. Tamvera. Iwe ukuona ngati anthu amabwera kuno chifukwa cha msoko wanga. Msoko wabwino uli paliponse, msewu uno wokha matelala ndi ambirimbiri. Amabwera kuno chifukwa pakamwa panga pali zipi. Mkazi akaima patsogolo pa tepi yoyezera sabisa kanthu. Ndimaona zipsera, ndimaona amene waonda ndi nkhawa, ndimamva za apongozi, ndimamva za amuna. Zonsezo zimathera m'chipinda chino. Ndakupatsa ndalama za basi, ndakudyetsa, ndi pakamwa potseka pamenepa. Ndiye jambula manja anga, jambula makina, jambula ngakhale mphuno yangayi. Koma ndikati zimitsa, uzimitse. Ndikati tuluka, utuluke. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Wamva ndi khutu liti? Paja iwe lina limakhala kumwezi."

Masabata okhala opanda kamera anamutalikira Liwiro ngati chaka. Tsiku loyamba anasesa ulusi. Lachiwiri anasita nsalu n'kutsala pang'ono kuiwotcha. Lachitatu anayasamula, n'kunena kuti ali ndi zowerenga. Kuyambira pamenepo ankadzuka m'mawa n'kupita kulaibulale, kumene ankaonera mafilimu a anthu otchuka ndi kuganizira dzina lokoma la filimu yake. Nanga munthu angaphunzirenji kwa azakhali ake enieni, amene amawaona tsiku ndi tsiku akutsuka mano?

Choncho akwatibwi ankalowa ndi kutuluka m'shopu muja iye kulibe. Sanadziwe kuti uyu ndi ndani, wabwera ndi yani, watumidwa ndi yani.

Atalandira kamera, anajambula ngati wopenga. Anajambula dzuwa likulowa pazenera, fumbi la nsalu likuvina m'kuwala, sizasi ikuyenda pa nsalu yoyera, phazi la azakhali likupalasa makina. Zinali zokongola, abale, zokongola zedi.

Koma ataonetsa zoyambirirazo m'kalasi, Madamu Dikirani anapukusa mutu.

"Diso uli nalo. Koma muno muli nsalu ndi dzuwa basi, munthu mulibe. Sunakhale nawo mayiwa, eti? Bwerera ukakhale."

"Madamu, nthawi yatha."

"Yatha chifukwa unaithamangitsa wekha."

Kalasi inaseka. Nthanda, amene ankajambula kondakitala wa basi ndipo filimu yake inkaseketsa aliyense, anamunong'oneza:

"Yako ndi yabwino, Liwiro. Ndagona bwino kwambiri pakati pake."

Ananena mongocheza, atatseka maso monga mwa kuseka kwake. Koma mawuwo anamubaya Liwiro ngati pini woiwalika m'malaya.

3. Kagetsi kofiira

Masana ena, tsiku lopereka filimu litayandikira, Liwiro anali m'shopu akujambula azakhali akulowetsa ulusi pa singano. Pakhomo panalowa mtsikana wochepa thupi, atakumbatira chikwama pamimba. Maso ake anali ofiira. Anapereka moni motsitsa mawu, osayang'ana munthu.

Azakhali anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kuika singano pansi.

"Iwe, zimitsa. Tuluka, ukandigulire ulusi woyera kumsika. Usafulumire."

Liwiro anayang'ana maso ofiira aja. Apa ndiye panali munthu amene Madamu ankamufuna! Apa panali chimene chikanamuletsa Nthanda kugona!

"Chabwino, azakhali. Kamera ndiisiya pano, ikulemera."

Anaiika pashelefu yam'munsi, pakati pa mipukutu iwiri ya nsalu, diso lake litaloza kugalasi. Kamera ikamajambula imayatsa kagetsi kofiira. Liwiro anatola kachidutswa ka nsalu yakuda pansi n'kuphimba kagetsiko. Sanazimitse.

Anatuluka akuimba mluzu.

Zimene zinachitika iye atachoka anaziona mawa lake, m'chipinda cha makompyuta kuyunivesite, atavala zomvera m'makutu.

Popeza shelefu inali yam'munsi, kamera sinagwire nkhope ya munthu. Inagwira kuyambira pachifuwa kufika m'mawondo. Mtsikana uja anatuluka kuseri kwa chinsalu atavala diresi loyera, n'kuima pagalasi. M'chiuno mwa diresilo munali lamba wopetedwa ndi manja, wa timbalame ta buluu touluka motsatana. Lambayo sankakumana kumbuyo.

Manja a azakhali anabwera ndi tepi, anazungulira chiuno, n'kuima.

"Mwana wanga," anatero mawu a azakhali, "mwezi watha tepi iyi inanena zina. Lero ikunena zina. Ine sindifunsa, koma diresi limafunsa."

Manja a mtsikana anagwirana pa timbalame paja. Kenako mawu ake anamveka, ang'onoang'ono.

"Ndili ndi pakati, mayi."

"Mwini wake akudziwa?"

"Akudziwa, ndipo akusangalala. Koma amayi ake sakudziwa. Ndi akuluakulu kutchalitchi, ndipo ananena kale pamaso pa anthu kuti m'nyumba mwawo simulowa mkazi wotero. Kwathunso bambo anga akamva, sindidziwa kumene ndingalowere. Tangotsala ndi masabata ochepa, mayi. Ndithandizeni."

Dontho linagwera pa nsalu yoyera, lina n'kutsatira.

"Usalirire pa diresi, limathimbirira," anatero azakhali mofatsa. "Pukuta. Si iwe woyamba kuima pamenepa. Ndimasula misoko ya m'mbali, ndikweza chiuno pang'ono, lambayu ndimuwonjezera kumbuyo kumene chophimba kumutu chidzagwere. Udzalowa m'tchalitchi ngati mfumukazi. Zimene wanenazi zathera muno."

Liwiro anavula zomvera m'makutu, maso ake atadzaza misozi. Anali asanaonepo chinthu chokongola chotero. Chikondi, mantha, manja a azakhali, timbalame touluka! Ndipo mwayi wake, nkhope sinaoneke. Ndani angadziwe munthu ndi chiuno chokha?

4. Mafilimu awiri

Lamulo lija linali lidakalipo: woyamba kuonera ndi mwini nkhope.

Liwiro anapanga mafilimu awiri. Yoyamba inali ya dzuwa, sizasi ndi makina. Yachiwiri inali yomweyo, koma kumapeto kwake kunali lamba wa timbalame.

Anabwereka kompyuta ya mnzake n'kukaonetsa azakhali yoyamba ija. Iwo anakhala pampando wa makina, manja pamasaya.

"Kodi ndanenepa chonchi? Bwanji osandiuza? Taonani khosi!" Anaseka mpaka kutsokomola. Koma pamene phazi lawo linaoneka likupalasa makina, misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Phazi ili ndi la amayi anga," anatero. "Ndimayesa ndinaliiwala." Anamusisita Liwiro kumutu ngati kamwana. "Wagwira ntchito, mwana wa achimwene. Bambo ako akanakhala moyo akanayenda chifuwa chili patsogolo. Palibenso china?"

"Palibe, azakhali. Yathera pomwepo."

Mawa lake anapereka yachiwiri ija. Madamu Dikirani analandira mafilimu a kalasi yonse pamodzi, ndipo mwa chizolowezi chawo sankaonera okha. Ankadikira tsiku lachionetsero kuti aonere limodzi ndi anthu. Aliyense ankangomufunsa funso limodzi akumuyang'ana m'maso.

"Eni ake aionera yonse?"

"Aionera, Madamu."

"Yonse?"

"Yonse."

5. Tsiku lachionetsero

Chionetsero chinali Loweruka masana, m'holo yaikulu. Ophunzira analoledwa kuitana makolo ndi anthu amene anawajambula. Azakhali sanabwere, chifukwa Loweruka ndi tsiku la akwatibwi, ndipo Liwiro sanawakakamize.

Anavala malaya oyera ositidwa bwino. Nthanda anakhala kutsogolo ndithu, monga mwa maloto aja. Pambali pake panali amayi ake, mayi wamtali wa chipewa, wokhala mowongoka ngati wameza ndodo.

Filimu ya kondakitala inaseketsa holo yonse, kondakitala mwini wake n'kuimirira kugwadira anthu. Kenako magetsi anazimanso, dzina la Liwiro linakwera pakhoma.

Dzuwa pazenera. Sizasi. Phazi pa makina. Wina kumbuyo anayasamula mokweza, anthu n'kuseka. Liwiro anamwetulira mumdima. Dikirani, anatero mumtima, dikirani muone.

Diresi loyera linadzaza khoma lonse. Timbalame ta buluu, timene m'shopu tinali tating'ono ngati chala, pano kalikonse kanali kakakulu ngati nkhuku.

Kutsogolo kunamveka mawu a mayi wa chipewa, osanong'ona n'komwe.

"Lamba uyo ndinapeta ndine."

"Amayi, khalani chete," anatero Nthanda.

"Ndikuti ndinapeta ndine! Ndinavala pa ukwati wanga, ndinamupatsa mpongozi wanga ndi manja angawa. Akutani pakhoma pano?"

Ndipo pomwepo mawu ang'onoang'ono aja anatuluka m'zokuzira mawu, akulu ngati bingu, kufika mpaka mpando womaliza.

"Ndili ndi pakati, mayi."

Madamu Dikirani, amene palibe anawaonapo akuthamanga, anathamanga. Koma pofika pa makina oonetsera, mtsikana wa pakhoma anali atanena kale za amayi a kutchalitchi ndi za bambo ake. Khoma linachita mdima. Magetsi anayaka.

M'holo anthu ena anali atakweza mafoni m'mwamba, ndipo anawatsitsa pang'onopang'ono.

Mayi wa chipewa anaimirira, anakonza chipewa chawo, natuluka osayang'ana kumanzere kapena kumanja. Nsapato zawo zinamveka mpaka kukhonde.

Nthanda anabwera pamene panakhala Liwiro. Sanatseke maso ulendo uno.

"Ndinakufunsa telala wodalirika," anatero. "Alamu anga ndinawaperekeza ndekha kwa azakhali ako, kawiri konse. Iwe unali kuti?"

"Sindimadziwa kuti ndi iwowo. Nkhope sinaoneke, Nthanda, ndinaonetsetsa kuti..."

"Usanditchulenso dzina limenelo. Si langa."

Anathamangira amayi ake, ndolo zikumenya m'masaya.

Anthu atatuluka, Madamu anamuitanira mu ofesi. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Mtsikanayo anadziwa kuti kamera ikujambula?"

"Ayi, Madamu."

"Azakhali ako?"

"Ayi."

"Ndipo unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti aionera yonse."



"Ukuganiza kuti munthu ndi nkhope yokha," anatero Madamu. "Munthu amadziwika ndi mawu, ndi kayendedwe, ndi chovala, ndi mpando umene amakhalira. Ukanakhala m'shopu muja masabata amene ndinakupatsa, ukanamuona mnzakoyu akulowa ndi mlamu wake. Ukanamva nkhani ya lambayo, chifukwa chinthu chotero sichilowa m'shopu mwakachetechete. Ukanawaonetsa azakhali ako filimu yonse, akanakuuza ndi mawu amodzi. Zitseko zonse zinali zotsekula kuti upulumuke, iwe unadumphira pazenera.

"Ndikuuze chowawa kwambiri? Chigawo chimene chija ndi chokongola. Pa zaka zonse zimene ndaphunzitsa, ndi ochepa anajambulapo chotero. Koma si chako. Unaba. Mtsikana uja anapereka mawu ake kwa telala, sanapereke kwa iwe, kapena kwa ine, kapena kwa holo yodzaza anthu a mafoni. Kosi ino si yophunzitsa kamera, kamera aliyense ali nayo m'thumba. Ndi yophunzitsa kuti anthu akutsekulire chitseko, ndipo ukachoka asanong'oneze bondo kuti anakutsekulira. Chaka chamawa ndikatuma ophunzira ena mumsewu umene uja, adzawathira madzi.

"Inenso ndili ndi mlandu, chifukwa ndinakhulupirira pakamwa pako. Siya kamera patebulopo. Lolemba m'mawa ukaonekere pamaso pa akuluakulu a sukulu. Sindikulonjeza kanthu."

"Madamu, ndingathe kuichotsa. Ndifufuta chigawocho lero lomwe."

"Ufufuta m'makutu mwa ndani?"

6. Kachipinda kakuseri

Liwiro anayenda wapansi kubwerera kunyumba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanafulumire. Koma nkhani inali ndi liwiro loposa lake.

Atakhota pakona ya msewu wawo, anaona amayi awiri akutuluka m'shopu, aliyense atanyamula diresi losatha, mapini akadali momwemo. Telala wa tsidya lina la msewu anali ataima pakhomo pake, akuwakodola ndi dzanja.

M'shopu munali bata. Makina anali ataphimbidwa dzuwa lisanalowe, chinthu chimene Liwiro anali asanachionepo Loweruka. Patebulo lodulira panagona diresi loyera lija. Lamba panalibe. M'chiuno munatsala ulusi wolendewera, pamene munthu anadula mwaukali.

Azakhali anakhala pampando wawo, manja ali pamiyendo, opanda chogwira.

"Apongozi ake anabwera," anatero osamuyang'ana. "Anatenga sizasi yanga yomwe, n'kudula lamba wawo. Akuti ukwati kulibe. Akuti ine ndimabisa uve m'nsalu zoyera, kenako ndimakaugulitsa ku kanema. Anaima pakhomo apo n'kunena mokweza kuti msewu wonse umve."

Liwiro anagwada pansi, pa ulusi ndi tizidutswa ta nsalu.

"Azakhali, pepani. Ndimafuna..."

"Ndinakutuma ulusi. Unabwera nawo, ndinakuthokoza. Tsiku lija unandionetsa phazi la amayi anga, ine n'kulira, iwe ukudziwa kuti m'thumba muli filimu ina." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi ndatseka pakamwa panga. Sindinadziwe kuti ndikulera pakamwa pena kuseri kwa nyumba. Ine ndakalamba, mwina ndizisoka mayunifolomu a ana asukulu. Koma mwana uja? Ndinamuuza kuti zathera muno. Ndinamuuza ndi pakamwa pangapa."

"Ndipita kukawapepesa onse. Ndikagwada kwa apongozi ake, kwa bambo ake..."

"Uzikathamanganso? Khala pansi. Kuthamanga kwako kwatikwana."

Anakhala choncho, wina pampando, wina pansi, mpaka kuwala kwa pazenera kunafiira. Kunali kuwala komwe kuja kumene Liwiro ankakonda kujambula. Lero sanakuyang'ane.

Kenako pakhomo panaima chithunzithunzi.

Anali mtsikana wochepa thupi uja. Ulendo uno sananyamule kachikwama ka m'manja, koma chikwama chachikulu cha zovala, chosatsekeka bwino, mkono wa juzi ukulendewera. Tsaya lake limodzi linali lotupa.

"Odi, mayi," anatero. "Bambo anga aona pa foni. Akuti ndisaponde pakhomo pawo. Kwa apongozi geti ndi lokhoma, ndipo mwana wawo foni yake sikulowa. Ndayenda, ndayenda, ndapezeka ndili pano. Sindikudziwa kwina."

Azakhali anaimirira, anamulandira chikwama, anamukhazika pampando wawo wa makina, umene sankalola munthu wina kukhalapo. Anamupatsa madzi. Mtsikanayo anamwa, maso ake n'kugwera pa Liwiro, amene anali chigwadire.

"Ndi ameneyu?"

"Ndi ameneyu," anatero azakhali.

Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanatukwane, sanalire. Ankangomuyang'ana, monga mmene munthu amayang'anira chinthu chimene akufuna kuchidziwa bwino. Liwiro, amene anayang'ana anthu ambiri kudzera m'kamera, sanathe kupirira. Anabisa nkhope.

"Mwana wanga, ugona kuno," anatero azakhali. "Kuseri kuli kachipinda. Bedi ndi laling'ono koma ndi labwino."

Kenako anatembenukira kwa mwana wa achimwene awo.

"Iwe, kalongedze katundu wako. Zofunda usiye."

"Azakhali, ine ndipita kuti? Lolemba ndili ndi mlandu kusukulu."

Azakhali anavundukula makina, anakhala pa mpukutu wa nsalu, n'kukokera diresi loduka lamba lija pamiyendo pawo. Anayamba kuchotsa ulusi wolendewera umodziumodzi.

"Paja ndiwe Liwiro," anatero. "Ukafika."

Liwiro anatuluka ndi chikwama chake dzuwa litangolowa. Kumbuyo kwake loko analira. Anaima pamsewu, osadziwa ngati alowere kumanzere kapena kumanja.

Tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo, panaima mwamuna wamtali amene Liwiro anali asanamuonepo. Koma maso ake ndi mphumi yake zinali za Nthanda: anali achimwene ake, mkwati uja. Mwamunayo anayang'ana chitseko chotseka cha shopu, kenako anayang'ana Liwiro, n'kuyamba kuwoloka msewu.